Mmene Amake Thandizo Anapezera Chitupa

Mukafika pa Namitambo tsiku la msika, kumbali komwe amayi amayala nandolo ndi tomato, mudzapeza mayi wina wamfupi, wa imvi za m'mbali, amene sakuwa poitana ogula. Akatchula mtengo watchula, ndipo mukayamba kunenerera amangoyang'ana kwina mpaka mutatopa nokha. Amenewo ndi a Kristina Alufazema, koma kuno aliyense amawatcha amake Thandizo. Ana a masiku ano amawaopa osadziwa chifukwa chake. Akuluakulu chifukwacho amachidziwa, koma sakonda kuchikamba, poti ambiri a iwo analipo tsiku lomwe zinayamba ndipo anatseka pakamwa.

A Kristina sanabadwire kuno. Kwawo ndi ku Mozambiki, m'mudzi wina kuseri kwa Milanje. Nkhondo itafika kumeneko mu 1986 anali mtsikana wongotha kumene msinkhu. Anthu a mfuti analowa m'mudzi m'mawa, makasu ali kale pamapewa. Banja lonse linathawa pamodzi, bambo, mayi, mchimwene wawo wamkulu Denis ndi iwo, koma pofika pamtsinje mfuti zinaliranso, aliyense n'kulowera kwake. Mtsikanayo anatsatira anthu osawadziwa mpaka anaoloka malire pa Muloza ali ndi chitenje chimodzi chokha. Pakampu ya othawa nkhondo ankafunsa aliyense wofika kumene za abale ake, koma panalibe amene anawaona. Mayi wina wa ku Chiradzulu, amene ankakagula nyemba ku Muloza, anamutenga kuti azidzamulerera ana. Umo ndi mmene anafikira kuno.

Panyumba ya mayiyo panabwera kalipentala wachinyamata, Kalisto Makwinja, kudzakhoma chitseko. Chitsekocho chinamutengera masiku ambiri kuposa mmene chitseko chimatengera, ndipo chaka chisanathe ukwati unalengezedwa kutchalitchi. Kuno mwamuna akakwatira amapita kukakhala kwa mkazi. Koma Kristina analibe mudzi, analibe malume, analibe ngakhale mtengo wa mango woti n'kuuloza kuti uwu ndi wathu. Kalisto anagula malo kwa mkulu wina wachiyao kumapeto kwa msika, namangapo nyumba ndi kashedi kopaliramo matabwa. Kuseri kunatsala munda wolowera kumjigo. Nkhondo itatha, malole atayamba kubweza anthu kwawo, a Kristina anali kale ndi Thandizo kumbuyo. Sanakwere.

Amene sanakondwe ndi ukwatiwo kuyambira pachiyambi anali a Dorothy, mlongo wake wamkulu wa Kalisto. Kwa iwo Kalisto anali malume wa ana awo, ndipo mpando uliwonse umene ankakhoma unkayenera kuphunzitsa ana awowo. Tsopano mipandoyo inkaveka mkazi wotoledwa pamsewu. Sankanena poyera. Pamaliro ankawapatsa a Kristina ntchito yotunga madzi basi, osawalola kugwira mthiko, ndipo akamadutsa ankati, "Alendo athu aja ali bwanji?" ngakhale alendowo anali atakhala m'mudzimo zaka makumi atatu. A Kristina ankayankha mwaulemu, "Tili bwino alamu, kaya inu." Anali munthu wofatsa nthawi imeneyo. Amene anawadziwa kale amachitira umboni zimenezo.

Mu 2017 boma linayamba kalembera wa chitupa cha unzika. Anthu onse a m'mudzi anakaima pamzere pabwalo la sukulu, a Kristina ali pakati pawo ndi amuna awo. Iwo sankaona chachilendo. Anali atavotapo, anali atasenzapo njerwa za sukulu yomweyo, anali ataikapo ana awiri m'manda a m'mudzi momwemo. Atafika patebulo, mtsikana wolemba anafunsa dzina, n'kuwauza kuti akhale bwino awajambule. Pamenepo mawu a Dorothy anamveka kuchokera kumbuyo kwa mzere.

"Inu olemba inu, mwayamba kulemba ndi a ku Mozambiki omwe? Ameneyo si wa kuno. Anabwera ndi nkhondo."

Mtsikana wolembayo anawayang'ana a Kristina, nafunsa motsitsa mawu ngati zinali zoona. A Kristina sananame. Kalisto anatembenukira kwa mlongo wake.

"Achemwali, nanga agogo athu anachokera kuti? Si komweko?"

"Agogo athu anabwera nthawi ya azungu, ndipo manda awo ali pano," anatero a Dorothy. "Manda a makolo a uyu ali kuti? Atilozere."

Pamzerepo panali anthu amene a Kristina anawachezera pamatenda, ena anawabereketsa, ena ankaimba nawo kwaya. Agogo a onsewo anaoloka malire omwewo atasenza mitolo pamutu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Wolembayo anapepesa, nati lamulo silimulola, ndipo nkhani yotere njofunika ku Imigireshoni ku Blantyre. A Kristina anadzuka pampando uja, nadutsa mzere wonse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, akuyang'ana nkhope iliyonse. Anthu ankaganiza kuti akufuna wowathandiza. Iwo amati ankaloweza nkhopezo.

Kalisto analonjeza kuti akamaliza mabenchi a tchalitchi apita nawo ku Blantyre. Mabenchiwo sanawamalize. Anagwa m'shedi muja tsiku lina masana, mbali imodzi ya thupi itafa, ndipo mvula yotsatira isanagwe anali atapita. Pa nthawi imeneyo n'kuti a Kristina ataona kale tanthauzo la kusowa chitupa. Feteleza wotsika mtengo ankawadutsa, nambala ya foni anawatsekera, ndipo kulikonse kofuna dzina ankauzidwa kuti aime pambali kaye.

Mwambo wosudzula wamasiye unachitika mofulumira, maluwa a pamanda asanafote n'komwe. A Dorothy anabwera ndi mwana wawo Edwin, mnyamata wa mowa amene Kalisto yemweyo anamulipirira sukulu mpaka anaithawa yekha. Edwin anayamba kutulutsa macheka ndi mapuleni m'shedi amayi ake akuyankhula.

"Tamasukana tsopano. Mwasudzulidwa, mukhoza kupita kwanu. Mwana ndi wanu, monga mwa mwambo, mupite naye. Malo ano ndi a mlongo wanga, ndiye kuti ndi a mbumba yake."

"Malo ano tinagula ndi abambo ake Thandizo," anatero a Kristina. "Njerwa za nyumbayi ndinaumba ndi manja angawa."

Edwin anaseka. "Munthu wopanda chitupa angagule malo m'dziko la eni? Mukalimbalimba tikuitanirani apolisi akakutayeni pa Muloza."

A Kristina anachita mantha, ndipo mantha a tsiku limenelo ndi amene sanadzikhululukire. Anamanga zovala m'chitenje, natenga mapoto awiri. Atafika pamsewu anaima, natembenuka. A Dorothy anali pakhonde atagwira m'chiuno.

"Alamu," anatero a Kristina, mawu ali pansipansi, "muzidya bwino. Mukadwala muzithamangira kuchipatala. Ndikufuna ndidzakupezeni muli moyo."

Anakakhala ku Nchema, komwe Thandizo anali pa chitengwa, m'kanyumba kophikira kuseri kwa nyumba ya mkamwini. Kumeneko anayamba ganyu. Ankapalira m'minda ya eni, ankamenya nandolo, ankasenza mchenga wa omanga. Zimene ankapeza sankadyera. Anagula mbuzi, mbuziyo inaswa, ndipo itaswanso anauza Thandizo kuti awaperekeze ku Blantyre.

Ku ofesi kuja anakumana ndi bambo wina wachikulire, wa magalasi, amene anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anawapempha mapepala alionse amene anali nawo. A Kristina anamasula kathumba. Pasetifiketi ya ukwati panalembedwa Christina Makwinja. Pabuku la kuchipatala panali Kilisitina Kalisto. Pakamwa pawo pankatuluka Kristina Alufazema. Chaka chobadwa chinali chosiyana paliponse, poti aliyense wolemba ankangowayang'ana nkhope n'kuyerekeza.

"Mayi, ine ndikukukhulupirirani," anatero bamboyo, "koma pano ndili ndi akazi atatu, ndipo palibe pepala lonena kuti mmodzi wa iwo anabadwa. Unzika mukhoza kuupempha, munakwatiwa ndi Mmalawi ndipo mwakhalitsa. Koma boma silingapatse unzika munthu amene silikumudziwa. Muyambe mwabweretsa umboni wa kwanu, wonena kuti ndinu mwana wa yani, munabadwira kuti. Kenako mboni zolumbira kuti mkazi wa m'setifiketiyu ndi inu nomwe. Zala mukadinda kupolisi. Palinso ndalama yolipira, ndipo si yochepa."

"Ndiye kuti ndikhale Mmalawi ndiyambe ndakhala wa ku Mozambiki?"

"Ndi momwemo, mayi."

M'minibasi pobwerera Thandizo analira. Anati, "Amayi, zisiyeni. Ine chitupa ndili nacho, ndidzakusungani mpaka kufa. Azakhali aja Mulungu adzawaona." A Kristina ankayang'ana kunja pawindo. Atadutsa pa Nguludi m'pamene anayankha. Anati Mulungu ali ndi anthu ambiri oti awaone, koma iwo ali ndi mmodzi yekha.

Chilimwe chotsatira anagulitsa mbuzi ziwiri nanyamuka okha. Anaoloka pa Muloza monga amaolokera anthu a m'malire opita kumsika, nakwera njinga yamoto kulowera kuseri kwa phiri. Mudzi wawo sanauzindikire. Nyumba zinali zina, anthu anali ena, ndipo chilankhulo chimene ankalota nacho ali mtsikana chinkawatuluka mopunduka. Ankangotchula dzina la bambo awo kwa aliyense wokumana naye. Mayi wina wogulitsa makala anawalozera nyumba ya kumapeto, nati kumeneko kuli Alufazema wa mwendo umodzi.

Pakhomopo anapeza bambo wa imvi atakhala pamtondo wogubuduza, akusoka thumba, ndodo zake zili pambali. Mwendo unatsalira pa bomba lokwirira nkhondo itatha kale. A Kristina anagwada patali, nanena dzina lawo. Bamboyo sanadzuke, sanamwetulire. Anati kuchokera pamene nkhondo inatha pabwera kale akazi awiri onena kuti ndi mlongo wake, ndipo onse ankafuna munda.

"Ngati ndiwe Kristina, tandiuza. Tsiku lothawa lija, ine ndinanyamula chiyani?"

"Amayi anakuuzani kuti munyamule ufa," anatero a Kristina. "Inu munanyamula wailesi ya abambo. Anazindikira tili pafupi ndi mtsinje, ndipo anakukalipirani kuti kodi ana adya nyimbo. Sanamalize n'komwe, mfuti zinalira."

Thumba lija linagwa pansi. A Denis anayesa kudzuka osatenga ndodo, nagwera pa mlongo wawo, onse awiri n'kukhala m'fumbi akulira ngati pafika maliro. Ndipo maliro analidi atafika, chifukwa m'pamene a Kristina anamva kuti mayi awo anathera pamtsinje pomwepo, ndipo bambo awo anamwalira nkhondo ili pafupi kutha, akufunsabe za mwana wamkazi. Madzulo a tsikulo a Denis anawatengera kumanda. A Kristina anazula udzu pamitumbira yonse iwiri ndi manja, osalola wina kuwathandiza.

Pepala lobadwira silinatuluke msanga. A Denis anakwezedwa panjinga kupita ku Milanje pamodzi ndi mkulu wa m'mudzi, nalumbira kuti uyu ndi mwana wa bambo awo. Anawabweza, anapitanso, anawabwezanso kuti wosaina kulibe. A Kristina anakhala kumeneko mpaka mvula inayamba, akulima ndi akazi a Denis. Pepala litatuluka, a Denis anawatengera kumtunda kwa mudzi nawaonetsa munda waukulu wa dothi lakuda, woti Chiradzulu yense simungaupeze.

"Uwu ndi wa amayi. Ndausunga osadziwa kuti ndikusungira ndani. Chemwali, khala. Kumeneko amuna ako anapita, anthu akukana. Ukalimbirananji kachigunda ka miyala?"

A Kristina anauyang'ana mundawo nthawi yaitali. Akuti mtima wawo unafuna ndithu. Koma anati, "Achimwene, ndikakhala kuno ndiye kuti mayi uja ananena zoona. Adzauza anthu kuti mlendo uja anapita kwawo. Ndili ndi ntchito ku Namitambo." A Denis anapukusa mutu, nati nkhope ndi ya amayi koma mtimawo sakuudziwa.

Kunatsala mboni. Nkhoswe ya ukwati wawo amene anali moyo anali a Isaac, mng'ono wake wa Kalisto, munthu wamanyazi amene moyo wake wonse sanawayankhepo a Dorothy. A Kristina atawafotokozera, a Isaac anayang'ana pansi.

"Alamu, mundimvetse. Ine ndili pakati. Ndikakalumbira kumeneko, achemwali sadzandilankhulanso."

"Simunaime pambali pathu kutchalitchi?"

"Ndinaima."

"Ndiye ndikudikirani."

M'mawa mwake a Kristina anafika pakhomo pa a Isaac ndi lichero la nandolo, nakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuyamba kusola. Sanapemphe madzi, sanalankhule ndi munthu. Dzuwa litapendeka anadzuka n'kubwerera ku Nchema wapansi. Tsiku lotsatira anabweranso, ndi linzake lomwe. A Isaac ankatulukira khomo la kuseri. Akazi awo akabweretsa chakudya, a Kristina ankathokoza osachigwira. Anthu opita kumjigo anayamba kuima n'kumayang'ana, ndipo kumphakati wa tchalitchi nkhani inali yomweyo, yakuti mkazi wamasiye wa Kalisto akuswera ndi njala pakhomo pa nkhoswe yake. Amene anatopa poyamba anali akazi a Isaac. Anauza amuna awo kuti asankhe, kupita ku Blantyre kapena kukadya kwa achemwali awo. A Isaac anavala jekete.

Mboni yachiwiri inabwera yokha. Anali a Sabiti, ogulitsa nyama ya mbuzi pamsika, mwana wa mkulu uja anagulitsa malo kwa Kalisto. Iwo analinso ndi chawo kumtima. Edwin anali atasandutsa shedi ya matabwa ija shabini, nawonjezerapo chipinda cha njerwa, ndipo zoimbira zake zinkalira mpaka nthawi ya mapemphero a m'mawa, oledzera akukodza kumpanda kwa a Sabiti. Anati, "Amake Thandizo, ine ndinalipo bambo anga akuloza malire, inu muli ndi pakati. Kulikonse mungandifune ndikanena."

Analumbira onse awiri, a Kristina anadinda zala, mbuzi zonse zinathera ku ofesi. Kenako kunali kudikira. Mapepala anapita ku Lilongwe, matenda a korona anabwera, maofesi ankatsegula mwa apo ndi apo. A Kristina ankapitabe kukafunsa, mpaka alonda a pageti anawazolowera n'kumawasungira malo pabenchi. M'zaka zimenezo anaonda, mano ena anagwa, ndipo kuseka anasiyiratu. Akamva kuti a Dorothy adwala malungo ankatuma munthu kukafunsa ngati apeza bwino. Ena ankati onani mtima wachikhristu. Thandizo yekha ndi amene ankadziwa, ndipo zinkamuopsa.

Tsiku lina uthenga unafika pafoni ya Thandizo kuti amayi ake akalumbire. Anapita, anakweza dzanja, analandira setifiketi. Atajambulitsa ku boma n'kulandira chitupa chenichenicho, mkamwini, amene anawaperekeza, anafuna kukapha nkhuku. A Kristina anakana. Anati nkhuku idikire. Sanapite n'komwe kunyumba tsiku limenelo, anangochoka pa ofesi ya chitupa n'kulowa kukhoti kukafunsa mmene munthu amasumira.

Mlandu unazengedwa anthu atadzaza mpaka m'mawindo. A Dorothy anafika atavala chitenje chatsopano, nanena kuti malowo ndi a makolo, ndipo mayiyu ndi wobwera. Woweruza anapempha chitupa cha wodandaula, nachiyang'ana, nawauza a Dorothy kuti mawu akuti wobwera asawabwerezenso m'bwalo lake. A Sabiti anafotokoza malire onse, kuyambira pachitsa cha mbawa mpaka kunjira ya kumjigo, ndi amene anagula. A Isaac ataitanidwa anaima ngati munthu wopita kokanyongedwa. A Dorothy anawayang'anitsitsa. Iwo anayang'ana denga, nati malowo sanakhalepo a mbumba, Kalisto anagula yekha ndi mkazi wake. Khoti linagamula kuti nyumba, shedi ndi munda ndi za mkazi wamasiye ndi mwana wake, nipereka tsiku loti a Dorothy ndi Edwin akhale atachotsa zawo zonse.

Apa m'pamene anthu ankayembekeza kuti nkhani yatha. Edwin anabwera atavula chipewa, nati, "Azakhali, shabini ija ndi imene ikudyetsa ana anga. Ndizikulipirani lendi mwezi ndi mwezi." A Kristina anamufunsa kuti anakhala azakhali ake liti, nanga macheka a amuna awo ali kuti. Macheka anali atagulitsidwa kalekale. Anamuuza kuti chipinda chimene anamanga achiphwasule yekha, ndipo asasiye ngakhale theka la njerwa. Tsiku lophwasula a Kristina anabwereka mpando kwa a Sabiti, naukhazika pamsewu, nakhalapo kuyambira lata loyamba mpaka njerwa yomaliza. Edwin akapuma ankamukumbutsa kuti dzuwa likupita.

A Dorothy anatuma akuluakulu awiri a mphakati ndi tambala wofiira. Pempho linali limodzi. M'munda muja munali chimanga chawo, chitangomasula ngaiyaye, ndipo chaka chimenecho mvula inali itadula, minda yambiri itapsa. Mundawo, poti uli kunsi kwa mjigo, unali umodzi mwa yochepa imene inkaoneka kuti ipatsa. Ankapempha kuti awalole akolole kaye.

A Kristina anawalandira akuluakuluwo mwaulemu, nawayalira mkeka. Atamva zonse anafunsa, "Inu abambo, tsiku la kalembera lija munali pati?" Mkuluyo anati sakukumbuka bwino. "Munali kumbuyo kwa amake Favour, mutavala malaya a buluu. Inu enanu munali pansi pa mtengo, mukudya chinangwa. Tambalayu mubwerere naye. Khoti linapereka tsiku."

Tsikulo litakwana anadzuka m'mamawa nanola chikwanje. Thandizo anathamanga kuchokera ku Nchema atamva, nawapeza ali kale pakati pa munda, mapesi aawisi atagona mizere iwiri.

"Amayi, chimenechi ndi chakudya! Chaka cha njala chino! Ngati simukufuna adye iwo, dikirani chikhwime tidye ife."

"Chimanga cha mayi ameneyo sichilowa m'kamwa mwanga."

"Nanga adzukulu awo alakwanji?"

"Iwe unalakwanji pamene ankati upite ku Mozambiki?"

Anadula munda wonse okha. Anthu anaima kumalire, amayi ena atagwira pakamwa. A Dorothy anabwera akuthamanga, nagwa pansi m'mphepete mwa munda, akulira mokuwa ndi kutchula dzina la mlongo wawo. A Kristina sanatembenuke. Atamaliza anaitana a Sabiti kuti atenge mapesiwo akadyetse mbuzi. Ngakhale a Sabiti, amene ankadana ndi Edwin, anatenga mapesiwo mutu uli pansi, ndipo pambuyo pake anauza anthu kuti akanadziwa sakanabwereketsa mpando uja.

Sanalekere pomwepo. Njira yachidule yochokera kwa a Dorothy kupita kumjigo inkadutsa m'mphepete mwa munda womwewo. A Kristina anaitseka ndi minga, nadzala chitedze m'mpanda monse. Ena onse anawatsegulira kampata kumbali ya kwa a Sabiti, koma a kwa Dorothy amazungulira kumsewu, kudutsa kumsika, ndowa zili pamutu. Chaka cha njalacho banja la a Dorothy linadya gaga ndi mango owiritsa. Edwin anapita ku Joni ndipo sanamvekenso. A Isaac ndi mlongo wawo salankhulana mpaka lero.

Amake Thandizo anabwerera m'nyumba yawo, anafoleranso denga, anapaka laimu. Mundawo amadzala nandolo ndi tomato, zomwe amagulitsa pamsika paja. Chaka ndi chaka nthawi yokolola ikatha amapita kwa a Denis ndi shuga ndi sopo, akudutsa pachipata chenicheni, n'kukalambula manda a makolo awo. Pamaliro a m'mudzi amafika, amakhala pansi ndi amayi anzawo, koma akakhala maliro a pakhomo pa munthu amene anali pamzere uja, mthiko sagwira ndipo chakudya sadya. Anthu anayamba kuwapepesa mmodzimmodzi, ena pamsika, ena panjira. Iwo amamvetsera, n'kunena kuti zikomo ndamva, basi.

Nkhani inafika kwa bambo mfumu wa parishi, amene anawaitanitsa nyengo ya Lenti. Anawauza kuti chilungamo anachipeza, malo anabwezedwa, tsopano chatsala n'kukhululuka, chifukwa munthu sangalandire Ukaristia atasunga mnzake kukhosi. Anawakumbutsanso kuti a Dorothy akalamba, miyendo ikuwavuta, ndipo ulendo wozungulira kumsewu uja ukuwapweteka.

"Abambo," anatero a Kristina, "ndikanena kuti ndakhululuka, mundilola kulandira?"

"Mukanena kuchokera pansi pa mtima, inde."

"Ndiye ndisakunamizeni. Ine ndinakana kunama patebulo la kalembera, pomwe bodza likanandipulumutsa. Sindingakaname paguwa. Pansi pa mtima panga palibe chimenecho. Chikadzabwera ndidzabwera ndekha kudzakuuzani."

Kuyambira pamenepo salandira. Lamulungu lililonse amafika molawirira, atavala bwino, n'kukhala pabenchi lakumbuyo, limodzi mwa amene amuna awo anakhoma. Nyimbo amaimba zonse, chopereka amapereka. Nthawi yolandira ikakwana anthu amadzuka n'kundanda, iwo amakhala pomwepo manja ali pamiyendo. A Dorothy amadutsa pambali pawo ndi ndodo, pang'onopang'ono, osayang'ana kumbali. Amake Thandizo amawaperekeza ndi maso mpaka kuguwa ndi pobwerera pomwe.

Thandizo anawafunsapo tsiku lina akuchokera kutchalitchi ngati mtima wawo tsopano unakhuta. Iwo anati ankaganiza kuti chimanga chija chikagwa adzagona tulo, koma tulo take n'tomwe tija. Thandizo anati ndiye bwanji osangotsegula njira ija. Iwo anati ayi, chitedze changoyamba kumene kubereka.